Thor wa a Jack Kirby m'buku limodzi: kodi The Wrath of Odin ndi loyenera ndalama zake?

Buku lotchedwa The Wrath of Odin ndi lachitatu pa mndandanda wa mabuku a Thor amene kampani ya Marvel imasindikiza pansi pa dzina lakuti Epic Collection. Anasonkhanitsamo makomiki a Thor kuyambira nambala 131 mpaka 153, pamodzi ndi kope lachiwiri lapadera lapachaka, ndipo onsewa anatuluka ku America pakati pa 1966 ndi 1968. Zithunzi anajambula ndi a Jack Kirby, mawu analemba ndi a Stan Lee, ndipo amene anadutsitsa inki pamwamba pa pensulo m'makope pafupifupi onse ndi a Vince Colletta. Lili ndi masamba pafupifupi 500, onse amitundumitundu, m'chikuto chofewa. Maganizo anga ndi akuti theka loyamba la bukuli lili m'gulu la makomiki abwino kwambiri amene ndawerengapo, theka lachiwiri limatsikako mphamvu, ndipo chimene munthu akulipira kwenikweni akamaligula ndi dzanja ndi maganizo a a Kirby.

Kulipeza kuno ku Chipata si kwapafupi. Mashopu athu a mabuku amadalira mabuku a sukulu, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi zolembera, ndipo ine sindinaonepo buku la mtundu umenewu pa shelefu ya m'tauni muno kapena pakati pa mabuku akale amene amayalidwa kumsika. Langa anandigulira pa intaneti ndi mphwanga amene amagwira ntchito ku Lusaka, kenaka analitumiza pa basi. Mtengo wake umayamba uli m'madola, ndiye mukaonjezapo ndalama zotumizira kuchokera kunja, simungalitchule kuti ndi lotchipa kwa munthu wolandira makwacha. N'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zilimo, kuti wina asataye ndalama zake poganiza kuti akugula zimene anaona m'mafilimu.

Thor wa Marvel anayamba kuonekera mu 1962, m'komiki yotchedwa Journey into Mystery nambala 83. Nkhani yake inali yakuti dokotala wina wolumala mwendo, Donald Blake, ali patchuthi ku Norway anathawira m'phanga pothamangitsidwa ndi zilombo zamwala zochokera ku Saturn, ndipo m'phangamo anapeza ndodo imene, ataimenyetsa pamwala, inasanduka nyundo, iye n'kusanduka mulungu wa mabingu. Kuyambira tsiku loyambalo, nthano za makolo a ku Scandinavia ndi nkhani za zolengedwa za m'mlengalenga zinali kale m'mbale imodzi. Koma m'zaka zoyambirira zinthu ziwirizi sizinkagwirana bwino, ndipo Thor nthawi zambiri ankangolimbana ndi zigawenga wamba ngati ngwazi ina iliyonse yovala chinsalu kumsana. Pofika mu 1966, pamene komikiyo inasinthidwa dzina n'kukhala Thor kuyambira pa nambala 126, a Kirby anali atapeza chimene ankafuna kuchita ndi munthu ameneyu, ndipo buku lathuli likuyambira pomwepo.

Nkhani yoyamba imayamba ndi mkazi wina dzina lake Tana Nile, amene ankakhala nyumba imodzi ndi Jane Foster, namwino wokondedwa wa Thor. Zimadziwika kuti mkaziyo si munthu ayi, koma ndi wa mtundu wa atsamunda a ku nyenyezi ya Rigel, anthu amitu ikuluikulu amene ntchito yawo ndi kulanda maiko a m'mlengalenga. Iye amalembetsa dziko lathuli kuti ndi lake, motsatira malamulo a kwawo, popanda kufunsa aliyense wokhalamo. Wowerenga wa kuno kwathu, amene anaphunzira m'kalasi mmene kampani ya British South Africa inadzatengera dziko lino ndi mapepala ndi mfuti, n'kumanga Fort Jameson pamene lero tikupatcha Chipata, sadzafunika womumasulira pamenepa. Thor amapita ku Rigel kukatsutsa mlanduwo, ndipo kumeneko amapeza kuti atsamundawo nawonso ali ndi chimene amachiopa: dera lamdima la mlengalenga limene zombo zawo zikalowamo sizibwerera. Amagwirizana kuti iye akathana ndi choopsacho, iwo adzamasula dziko lapansi. Amamupatsa loboti yotchedwa Recorder kuti imuperekeze, ntchito yake kungoona ndi kusunga zonse zochitika.

Tsamba lomaliza la nambala 132 ndi limene linandigwira mtima koposa. A Kirby sanaligawe m'timabokosi monga mwa nthawi zonse. Tsamba lonse ndi chithunzi chimodzi cha pulaneti yathunthu yokhala ndi nkhope ya nkhalamba, maso, mphuno ndi ndevu, ikuyang'ana kachombo ka Thor kamene pafupi nayo kakuoneka kakang'ono kwambiri. Ameneyu ndiye Ego, dziko lamoyo, loganiza ndi lolankhula. M'kope lotsatira Thor amatera pa iye, ndipo nthaka imasintha maonekedwe pansi pa mapazi ake monga mmene mwini wakeyo akufunira: nsanja zimamera, zigwa zimatseguka, ndipo asilikali amene amamuukira ndi tizilombo toteteza thupi la Ego ku matenda, chifukwa kwa Ego mulungu wa mabinguyo ali ngati kachilombo kolowa m'magazi. Thor amafika mpaka m'mitsempha ya dzikolo. Pamapeto pake amapambana ndi chida chake chakale chomwechija, mphepo yamkuntho ndi mphezi. Chimene chikukoma apa n'chakuti mfundo ya m'buku la sayansi ya zamoyo, imene mwana wa sukulu amailoweza pokonzekera mayeso, yasanduka chilombo cha m'nthano, ndipo wothana nacho ndi mulungu amene anthu a kumpoto kwa Ulaya ankamupembedza zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Nkhani yotsatira, ya m'makope 134 ndi 135, ndiyo yozama koposa m'buku lonse. Thor pofunafuna Jane amafika paphiri la Wundagore ku Ulaya, kumene katswiri wina wa sayansi wodzitcha High Evolutionary wapanga makina ofulumizitsa kusintha kwa nyama, kotero kuti nyalugwe, nkhumba kapena ng'ombe imaimirira ndi miyendo iwiri, n'kuyamba kulankhula ndi kuganiza. Zolengedwa zakezo amaziveka zovala zankhondo, amaziphunzitsa malamulo a ulemu ndi kulimba mtima, ndipo Jane amutenga kuti akhale mphunzitsi wawo. Koma pamene katswiriyo wasokonezedwa ndi kufika kwa Thor, mmbulu umene unali m'makinamo umakhalitsa kupitirira nthawi yake, ndipo umatuluka uli ndi nzeru zoposa za munthu pamodzi ndi udani pa chamoyo chilichonse. Funso limene a Kirby akufunsa pano ndi lakale kwambiri: kodi wolenga ali ndi udindo wotani pa chimene walenga, ndipo kodi nzeru zopangira chinthu zimabwera limodzi ndi nzeru zochilera? High Evolutionary sanajambulidwe ngati munthu woipa. Ndi munthu wofatsa, wokhulupirira kuti akuchita zabwino, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imakhalitsa m'maganizo. Mulungu wakale waimirira pamaso pa munthu amene wadzipanga mulungu ndi magetsi ndi mabotolo a mu labotale, ndipo wakaleyo ndi amene akuoneka kuti akudziwa malire ake. Nkhaniyo imatha nyumba yonse ya katswiriyo itanyamuka ngati chombo, kupita ndi zolengedwa zake kukafuna dziko lawolawo ku nyenyezi.

Zonsezi sizikanagwira mtima zikanakhala kuti kajambulidwe kake n'kofooka. A Kirby, amene anabadwa mu 1917 m'dera la anthu osauka la mzinda wa New York ndipo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Ulaya, ankajambula nkhonya ngati munthu amene anaionapo ikufika pamunthu. Thupi lonse limapita ndi nkhonyayo, mwendo wina uli kutsogolo kwa tsamba, dzanja lotambasula likuoneka lalikulu kuposa mutu, ndipo womenyedwayo akuuluka ndi zidutswa za khoma. Mzinda wa Asgard, kwawo kwa Thor ndi milungu inzake, sanaujambule ngati mudzi wamatabwa wa makolo a ku Norway. Ndi mzinda wansanja zonyezimira woyandama pakati pa nyenyezi, wolumikizidwa ku dziko lathu ndi mlatho wa utawaleza umene mlonda wake ndi Heimdall. Odin, bambo ake a Thor ndi mfumu ya Asgard, amasintha chisoti pafupifupi nthawi iliyonse imene waonekera, china chanyanga, china chamapiko, china chooneka ngati mbali ya injini, ndipo mizinga ya asilikali ake munthu sangathe kunena ngati ndi yamatsenga kapena yamagetsi. Ndikuganiza kuti a Kirby anachita zimenezi mwadala. Kwa iwo makina aakulu ndi mphamvu za milungu zinali zinthu zochititsa mantha ndi chidwi mofanana, ndipo sanaone chifukwa chozijambula mosiyana. Ngakhale timadontho takuda timene ankamwaza mozungulira mphezi ndi moto posonyeza mphamvu, timene ojambula ambiri akutengera mpaka lero, amatigwiritsa ntchito pa nyundo ya Thor ndi pa mfuti za ku Rigel mosasankha.

Pali malo amodzi pamene bukuli linandikhumudwitsa kwambiri, ndipo ndi nambala 136. Kwa zaka zinayi nkhani ya Thor inkayenda pa mkangano wa iye ndi bambo ake, Odin, amene ankakana kuti mwana wawo akwatire munthu wamba. M'kope limeneli Odin amavomera kuti Jane ayesedwe. Amamupatsa mphamvu youluka, amamutsekera m'chipinda ndi chilombo choopsa, ndipo mkaziyo atachita mantha amamubwezera kudziko lapansi atamuiwalitsa zonse, n'kumuika m'chipatala cha dokotala wina wooneka ngati Donald Blake. Masamba ochepa okha pambuyo pake Thor wakumana ndi Sif, mlongo wake wa Heimdall, ndipo mtima wake wayamba kale kupola. Jane ameneyu ndi yemweyo amene makope awiri m'mbuyomo anaima molimba mtima pamaso pa nyama zolankhula za ku Wundagore. Zikuonekeratu kuti olembawo anatopa naye ndipo anafuna kumuchotsa mwachangu. Sif ndi munthu wabwino m'nkhani, wogwira lupanga ndi wosadikira kupulumutsidwa, koma njira imene analowera ndi yachinyengo, ndipo wowerenga wamkazi adzaona msanga kuti mayesowo anawakonza kuti Jane alephere.

Nkhondo ya Asgard ndi ziwanda za pansi pa nthaka zotchedwa Trolls, imene ikubweretsa chimphona Ulik, ndi yamphamvu ndipo ikuyenda mofulumira. Makope atatu otsatira, pamene Thor akulimbana ndi mdani mmodzi pakope lililonse, ndi ongodzaza malo. Nambala 143 ili ndi tsamba lokoma pamene Thor wakhala m'kashopu ka zakumwa zoziziritsa kukhosi ku New York, achinyamata atamuzungulira, iye akuwafotokozera za kwawo. Kenaka Odin, pokwiya ndi kusamvera kwa mwana wake, amamulanda mphamvu zaumulungu n'kumusiya padziko lapansi, ndipo apa ndi pamene dzina la bukuli lachokera. Thor amakalowa ntchito yonyamula zolemera m'gulu la oonetsa masewera amene kwenikweni ndi mbava, ndipo amam'sokoneza maganizo kuti akabe fano la ng'ombe yagolide. Pambuyo pa dziko lamoyo ndi phiri la Wundagore, nkhani imeneyi ndi yaing'ono kwambiri, ndipo ikutenga makope atatu. Zinthu zimadzukanso pa nambala 148 ndi Wrecker, wakuba wothyola nyumba ndi chitsulo, amene mwangozi amalandira mphamvu zimene mfumukazi Karnilla inkafuna kupatsa Loki, mdani wa Thor amene analeredwa ndi Odin, chifukwa chakuti anam'peza atavala chisoti cha Lokiyo. Wakubayo amam'menya Thor mpaka kufika pakhomo pa imfa, pamene Hela, mfumukazi ya akufa, amabwera kudzamutenga. Masamba a Hela ndi ena mwa okongola kwambiri m'theka lachiwirili.

Kumapeto kwa makope ambiri kuli timasamba tisanu totchedwa Tales of Asgard, timene tinayamba mu 1963 ndipo tinathera pa nambala 145. Muli maulendo a Thor ndi anzake atatu, Fandral wodzikongoletsa, Hogun wosaseka ndi Volstagg wonenepa wodzitama, ndipo mulibe New York kapena Donald Blake. Izi ndi zimene zikufanana kwambiri ndi nthano za madzulo zimene ambiri a ife tinakula nazo, pamene agogo amati padangokhala ife n'kuyankha kuti tili tonse, chifukwa chigawo chilichonse chimathera pamene mtima uli m'mwamba. Komabe ndichenjeze aphunzitsi ndi ophunzira kuti bukuli si gwero lophunzirira zikhulupiriro za makolo a ku Scandinavia. Zambiri zimene zikudziwika za milungu imeneyi zinalembedwa ku Iceland, makamaka m'buku la Edda la Snorri Sturluson cha m'ma 1220, ndipo kumeneko zinthu n'zosiyana. Thor wa makolowo ankadziwika ndi ndevu zofiira ndipo ankayenda pangolo yokokedwa ndi mbuzi ziwiri, Sif anali mkazi wake watsitsi lagolide, ndipo Loki sanali mwana woleredwa ndi Odin koma mnzake amene anapangana naye ubale wa magazi. Anzake atatu aja kulibeko m'nthano zakalezo, anawapeka ndi a Kirby ndi a Lee.

Ndikudziwa kuti makolo ena kuno, Akatolika, a Reformed kapena a mipingo ya Pentekosite, angakayikire buku lodzaza ndi milungu yachilendo, ndipo sindikuwanyoza pa zimenezo. Chimene ndinganene n'chakuti bukuli siliphunzitsa kupembedza aliyense. Odin wa m'menemu ndi bambo waukali amene amalakwitsa, amafulumira kulanga, ndipo nthawi zina amachita kuchondereredwa ndi ana ake. Mulibe zolaula, mulibe kutukwana, ndipo nkhondo zake, ngakhale zili zambiri, sizionetsa magazi, chifukwa makomiki a ku America a nthawi imeneyo ankayendera malamulo okhwima a zimene zingasindikizidwe.

Vuto lenileni kwa wowerenga wathu ndi Chingerezi chake. A Lee anawapatsa anthu a ku Asgard kalankhulidwe kachikale kofanana ndi ka m'Baibulo la King James, ndipo amene anazolowera Baibulo limenelo kutchalitchi sadzavutika kwenikweni. Koma mwana wa ku pulayimale adzatopa msanga, makamaka chifukwa chakuti mawu ndi ochuluka mopitirira muyeso. Pali malo ambiri pamene chithunzi chanena kale zonse, koma Thor akufotokozabe m'mizere itatu kuti akuponya nyundo yake ndi chifukwa chimene akuiponyera. Izi zikuchokera ku mmene ankagwirira ntchito ku Marvel: awiriwo ankangokambirana mwachidule, kapena osakambirana n'komwe, a Kirby n'kukajambula nkhani yonse ndi kulemba timawu tofotokozera m'mphepete mwa pepala, ndipo a Lee ankaika zolankhula pambuyo pake. Motero amene akutchulidwa kuti wojambula ndi amenenso anakonza mbali yaikulu ya nkhaniyo, ndipo kusalandira ulemu ndi malipiro oyenera ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa a Kirby kuchoka ku Marvel mu 1970 n'kupita ku kampani ina ya makomiki yotchedwa DC, kumene mu 1971 anatulutsa New Gods, nkhani yoyambira pa kutha kwa milungu yakale. Iwo anamwalira mu 1994, ndipo mlandu wa ana awo ndi Marvel pa za umwini wa anthu amene bambo awo anathandiza kupeka unatha ndi mgwirizano mu 2014. Sindikufuna kuchepetsa a Lee, pakuti mawu odzikweza a Volstagg ndi ukali wa Odin zimakoma chifukwa cha iwo, koma wowerenga ayenera kudziwa mwini weniweni wa zimene zikumusangalatsa.

Za inki ya a Colletta anthu okonda makomiki akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Ankadziwika kuti ndi wachangu, ndipo zinadziwika kuti nthawi zina ankafufuta anthu ndi zinthu zakumbuyo zimene a Kirby anajambula ndi pensulo, kuti amalize msanga. M'bukuli zimenezi zimaoneka pamene khamu la anthu langosanduka mithunzi yakuda, kapena nyumba za mzinda zangokhala mabokosi amawindo ofanana. Mizere yawo yopyapyala imayenerera bwino ubweya, ndevu, matanthwe ndi zovala za ku Asgard, koma pa makina a ku Rigel imachotsa kulemera kumene a Kirby anaikapo. Yerekezani ndi nambala 143, imene inki yake anadutsitsa ndi a Bill Everett, ndipo mudzaona kusiyana kwake nthawi yomweyo.

Kasindikizidwe kake n'kabwino ndithu. Makomiki oyambirirawo ankagulitsidwa masenti 12 ndipo ankasindikizidwa papepala lotchipa la nyuzipepala, limene linkamwa utoto n'kuufewetsa. Pano pepala ndi loyera, ndiye mitundu ina, makamaka yofiira ndi yachikasu, ikuwala kuposa mmene ojambulawo ankayembekezera, ngakhale kuti maso amazolowera pakapita masamba angapo. Mizere ndi yooneka bwino, zilembo n'zowerengeka, ndipo chikuto cha kope lililonse anachiika pamalo pake. Chodetsa nkhawa ndi msana wa bukuli, umene ndi womata ndi guluu osati wosoka. Buku lonenepa chonchi silifuna kulitsegula mokakamiza kuti ligone patebulo, ndipo m'miyezi yotentha ya October ndi November si bwino kulisiya pawindo kapena m'galimoto. Ngati lidzayenda m'manja mwa anthu ambiri, likutireni pulasitiki ngati mmene timachitira ndi mabuku a sukulu.

Amene ndingawalimbikitse kuligula ndi achinyamata ojambula, amene mumawaona akulemba zikwangwani za mashopu ndi ma saluni ku Kapata kapena kujambula m'makope awo kusukulu, chifukwa tsamba lililonse likuphunzitsa mmene thupi loyenda limajambulidwira ndi mmene nkhani imayendetsedwera ndi zithunzi zokha. Likuyeneranso laibulale ya sukulu ya sekondale, kumene mtengo wake ungagawidwe pa owerenga ambiri. Wofuna kuyambira pachiyambi penipeni angakopeke ndi buku loyamba la mndandandawu, The God of Thunder, koma ine sindingamulangize kutero, chifukwa nkhani za 1962 ndi 1963 n'zofooka ndipo zingapo mwa izo a Kirby sanajambule. Ngati ndalama zilipo za buku limodzi lokha, gulani lachitatuli, ndipo ngati zitapezekanso, lotsatira lake ndi To Wake the Mangog, mmene muli nambala 159 yofotokoza kuti Donald Blake anali ndani kwenikweni ndi chifukwa chimene Odin anam'tumizira mwana wake padziko ali wolumala.